Kabokosi ka Ng'oma ka a Obed Miti

Abusa, akulu a mpingo, abale a mbali zonse ziwiri, ndi nonse amene mwasiya makasu m'munda mwezi wa udzu uno kudzatithandiza kulira, zikomo. Ine ndine Flora, mlongo wawo wa malemu, chitsiriziro kwa amayi athu. Amalume a Yosefe anati mbiriyi ndilembe ndine, poti ndine ndakhala nawo malemu pa ntchito zaka zisanu ndi ziwiri zomalizazi. Ndineneretu kuti kumapeto ndili ndi pempho. Likukhudza kabokosi kawo koimbira, kamene banja lagwirizana kuti katsekeredwe m'chipinda pamodzi ndi katundu wina yense mpaka tikakolola. Mukamamva mbiriyi mudziwe kumene ikulowera.

Malemu a Obed Miti anabadwa pa 9 Ogasiti 1954 m'mudzi wa kwa Chikwanda, kufupi ndi Mkaika. Anali oyamba mwa ana asanu ndi mmodzi a malemu a Marko Miti ndi amayi athu a Monica, amene akhala pa mphasa apo. Sukulu anayamba mu 1962, Giredi 7 anakhoza mu 1969, ndipo anapita ku sekondale kuno ku Katete. Analekera Fomu 2. Amayi amati mutu unalipo, koma zala ndi zimene sizinkakhazikika. Anakonza wailesi yakufa ya aphunzitsi ena ndi waya wa msampha wa mbewa, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wa wailesi yodwala ankawafunafuna, mabuku n'kumagona.

Mu 1972 anapita ku Lusaka, nalowa ntchito m'sitolo yokonza mawailesi ku Kamwala. Kumeneko ndi kumene anaphunzira gitala, nalowa gulu la anzawo anayi loimba ku Matero. Pa 16 Julayi 1977 anamanga ukwati woyera ndi alamu anga a Ursula Daka a ku Sinda. Mu 1981 gulu lija linatha. Woimba ng'oma anapita ku migodi, wina analowa usilikali, malemu n'kutsala okha ndi nyimbo zopanda wowathandiza. Chaka chomwecho dalaivala wina wa malole a kumwera anawabweretsera kiyibodi ndi kabokosi ka ng'oma kuti amukonzere. Atakonza, zinthuzo zinawalowa mumtima. Anasinthanitsa ndi gitala yawo pamodzi ndi njinga. Alamu amati mwezi wathunthu sanawalankhule bwino chifukwa cha njingayo.

Kwa inu amene simunakaone pafupi, kabokosiko ndi kakang'ono ngati buku la nyimbo la ku tchalitchi, kali ndi mabatani ofiira ndi oyera. Munthu amadina batani limodzilimodzi kukauza pamene ng'oma igunde ndi pamene ipume, ndipo iko kamasunga. Mawa ukakayatsa kamaimba momwemo, iwe n'kumatsatira ndi kiyibodi ndi pakamwa. Malemu ankati apeza woimba ng'oma amene sadzathawira ku migodi.

Mu 1983 anabwerera kuno kwathu. A Hamidu anawapatsa khonde la sitolo yawo kuti azikonzerapo mawailesi, ndi pangano limodzi lokha, loti Lachisanu masana pa nthawi ya swala, pemphero lawo la Chisilamu, pakhondepo pazikhala zii. Pangano limenelo analisunga mpaka kudwala kwawo. Mu 1984 ine ndinasiya sukulu ndili Giredi 8 chifukwa cha pakati. Alongo anga sanandikalipire. Ananditenga, nandipatsa kaburashi ndi kabotolo ka sipiriti kuti ndizitsuka m'kati mwa mawailesi a anthu. Phunziro loyamba limene anandipatsa linali lakuti wailesi ikakhala yosagwiritsidwa ntchito, chotsamo mabatire, chifukwa amatuluka madzi n'kudya zitsulo. Tsiku lililonse ndinkaona mawailesi oonongeka motero, ndiye phunziroli linakhazikika.

Loweruka ankamanga batire la galimoto, sipika ndi kiyibodi pa njinga yobwereka, kabokosi m'thumba la pachifuwa, ulendo ku maukwati. Aimba ku Sinda, ku Nyanje, ku Kagoro, pa chionetsero cha zaulimi, ndi pa boma tsiku la ufulu. Poyamba anthu ankawaseka. Bambo wina ku Sinda anaimirira pakati pa bwalo n'kunena kuti iye savina ng'oma yosatuluka thukuta. Nyimbo yachitatu isanathe anali atavula jekete. Eni maukwati ndiye ankawakonda kwambiri, amati gulu lonse la a Miti limadya mbale imodzi. Achinyamata ankakonda kulira kwa kiyibodi kuja, kokhala ngati mluzu wa chitsulo, kofanana ndi nyimbo za kunja zimene ankamva pa wailesi. Koma malemu ankati za kunja zili ndi eni ake, iwo akufuna makinawo alankhule Chichewa.

Ndicho chinawapititsa ku Vubwi mu 1985, kwa a Ezekieli, nkhalamba imene inaimbira ng'oma ya chimtali kuyambira nthawi ya atsamunda. Anawaimbira za m'kabokosi kuti amve. A Ezekieli anamvetsera, n'kunena kuti ng'oma yakoyi, mwana wanga, ikuyenda ngati msilikali pa perete, amayi sangaivine, ng'oma imafunika izitsimphina pang'ono. Anakhala kumeneko masiku anayi, nkhalamba ikugunda pa ng'oma, iwo akudina mabatani, kufufuta, kudinanso. Tsiku lachinayi akazi awo a Ezekieli, amene ankapeta mtedza chapatali, anaika lichero pansi n'kumanga chitenje m'chiuno. Malemu ankati satifiketi yawo ndi imeneyo, ina alibe.

Mu 1986 anapita ku Lusaka kukajambula nyimbo ziwiri pa mbale, "Mzere wa Sopo" ndi "Basi Yadutsa Yodzaza". Ambiri a inu munazimva pa wailesi pa nthawi ya Chinyanja. Tsiku loyamba kuimbidwa, a Hamidu anatulutsa wailesi ya m'sitolo n'kuikweza mpaka ogulitsa tomato kumsika anabwera. Zojambulidwa ndi ziwiri zokhazo. Nyimbo zawo zonse zinali khumi ndi zisanu ndi imodzi, ndipo zinkakhala m'kabokosi ndi m'mutu mwawo basi, pa pepala sanalembe. A Ezekieli anamwalira mu 1988.

Mu Okutobala 1989 malemu anayamba kutsokomola, ndipo anagonekedwa ku chipatala cha St Francis miyezi iwiri ndi chifuwa chachikulu. Apa pali mlandu wanga, ndipo ndiunena ndekha pamaso panu. Alamu anali ku chipatala, nyumba ndinkasamala ndine. Ndikusesa m'chipinda ndinaona kabokosi kali pa tebulo, sabata yachitatu osayatsidwa. Ndinati mabatire awa atuluka madzi, aononga chinthu cha alongo anga. Ndinawachotsa onse anayi, n'kuwakulunga m'kansalu, n'kupukuta kabokosi bwinobwino. Ndinkadziona ngati ndagwira ntchito. Sindinkadziwa kuti mabatirewo si oimbira okha, ndi amene amakagwirizira kukumbukira ngakhale kali kozima. Ukawachotsa, zonse zimafufutika nthawi yomweyo.

Anatuluka m'chipatala pa 14 Disembala. Asanamwe ndi madzi omwe anapempha kabokosi. Ndinabwezeramo mabatire monyadira, iwo n'kuyatsa. Munangomveka kuti tii, tii, tii, ngati wotchi. Anayesa nyimbo yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza. Anafunsa kuti wakhudza ndani, ine ndinati ndine, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Anayang'ana mabatani aja. Kenaka anati, Flora, wachita zimene ndinakuphunzitsa, wolakwa ndi mphunzitsi amene anakupatsa theka la phunziro. Kunditukwana kukanandipepukira. Tsiku lomwelo anandionetsa theka linalo: uyambe walumikiza waya wa ku batire la galimoto, kenaka usinthe ang'onoang'onowo, ndipo asapitirire masabata asanu, poti mabatire a masiku ano ndi ofooka. Kuyambira pamenepo ntchito imeneyo yakhala yanga, ndipo sindinaphonyepo.

Chaka chonse cha 1990 sanaimbenso pa ukwati, mphamvu zinali zitachepa. Ankagona pa mphasa pakhonde la kunyumba, akugogoda pachifuwa ndi zala kufunafuna ng'oma imene inatayika, akaipeza n'kudzuka kuidina m'kabokosi. Nthawi zina ankaitana alamu kuti, a Ursula, paja ku Kagoro munkaponda bwanji pamene ndinkalowa kachiwiri? Alamu n'kusiya mbale, kuvina pang'ono pabwalo, iwo akuyang'ana mapazi. Ng'oma ya a Ezekieli inawavuta koposa, poti wokaifunsa kunalibe. Anaipeza mu Seputembala, ndipo ngakhale pamenepo ankati mwina yatsimphinira mwendo wina. Zinabwerera nyimbo khumi ndi imodzi. Zisanu zinakana.

Ine ndinkawaumiriza kuti zimene zabwererazo tizijambule pa kaseti. Iwo ankakana, amati adzajambula zikakwana zonse, nyimbo zawo sizipita kwa anthu zili zoperewera. Tinakangana kangapo, ndipo ndinawayankhapo mawu amene mwana wamng'ono sayenera kuyankha mkulu wake. Mu Januwale chaka chino anavomera. Analembera a Newton, mnzawo wa ku sekondale amene akuphunzitsa ku Chipata, amene ali ndi makina abwino ojambulira. A Newton anayankha kuti adzabwera pa tchuthi cha Epulo, ndipo kalata yawo ndili nayo. Koma pa 2 Febuluwale malemu anabwereranso ku chipatala, ndipo Lachiwiri pa 12 Febuluwale 1991, dzuwa litapendeka, anatisiya ali ndi zaka 36.

Tsopano pempho langa. Mwambo wotseka chipinda ndikuudziwa ndipo ndikuulemekeza. Umateteza kuti wina asatole kanthu mobisa, umatetezanso alamu anga kuti asadzanenedwe. Sindikupempha kabokosi kuti kakhale kanga. Amene adzapatsidwe pa tsiku logawa katundu, adzatenge. Koma kugawa kuli mu Juni, ndipo mabatire safika Juni. Masuti, zipangizo zokonzera mawailesi ndi kiyibodi zidzadikira, mudzazipeza momwe mwazisiyira. Kabokosi mudzakapeza kokongola kunja, m'kati mulibe kanthu. Ulendo woyamba uja zinabwerera chifukwa mutu wozisunga unalipo. Lero mutuwo tikukauika m'manda.

Dzulo ndinakawagwadira amalume a Yosefe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo anati zimene banja lamanga pamodzi sizimasulidwa ndi anthu awiri kuseri kwa nyumba, ndikanene pamene pali onse. Ndiye ndanena. Ndikupempha chitseko chitsegulidwe kawiri kokha: kamodzi mu Malichi kuti ndisinthe mabatire, kamodzi mu Epulo kuti a Newton ajambule. Pakhale mboni imodzi ya kwa a Miti ndi imodzi ya kwa a Daka. Ndidzalowa manja ali poyera, sindidzakhudza china. Ntchito yake siposa nthawi yowiritsa tiyi. Lero m'mawa, chitseko chisanakhomedwe, ndasintha mabatire amalume ndi alamu akuona. Amenewa atifikitsa pa 21 Malichi. Tsikulo ndalitchula pa gulu dala, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanadziwe. Akuluakulu mukakhala pansi mawa pometa, muiikepo nkhaniyi.

Malemu asiya amayi awo a Monica, akazi awo a Ursula, ana atatu, Norah, Sara ndi Marko wamng'ono, abale awo awiri aamuna ndi alongo atatu, ndi ana athu ife alongo awo amene ankawayang'anira ngati awo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku St Francis, amene anawasamala maulendo onse awiri. Tikuthokoza amayi a chigwirizano amene akhala nafe kuyambira Lachiwiri, adzukulu amene akumba manda m'dothi lonyowali, ndi eni ngolo imene yabweretsa nkhuni. Tikuthokoza a Hamidu, amene atseka sitolo lero n'kubwera ndi nsalu, amenenso chaka chonse chathachi, mabatire akasowa m'Katete muno, ankatisungira anayi pansi pa kauntala osadikira kupemphedwa. Nonse amene mwayenda pansi kuchokera ku Sinda ndi ku Vubwi, Mulungu akubwezereni mphamvu zanu.

Achimwene, zisanu zija ndinakutayirani ndine, ndipo munandikhululukira musanapite. Mwapita nazo, mwina kumeneko muzikumbukira. Khumi ndi imodzi mwatisiyira, ndipo ine mbali yanga ndaichita pamaso pa anthu onsewa. Gonani, mwatopa. Mzimu wanu uuse mumtendere.