Magazi Anga Anakandinenera kwa Dokotala

Moni ana anga, moni amayi anzanga a ku Malindi kuno ndi akutali omwe. Lero ndikuimba, ndikuimba ndithu, chifukwa khansa ya m'matumbo inandigwira mwendo koma Mulungu anati usiye! Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye pokhota muziwongola nokha.

Ine ndimakhala ndekha. Abambo akunyumba anatsogola kale, anyamata anga ali ku Joni, mtsikana anakwatiwa kutsidya kwa Chiponde. Nditayamba kuona magazi kuchimbudzi sindinadabwe konse. Ife a kunyanja magazi timakula nawo, timangoti likodzo, wosamba m'nyanja lingamuphonye bwanji? Ndinamwa mapiritsi a likodzo amagawa m'midzi aja, magazi osaleka. Ndinawiritsa masamba a mapeyala, ndinamwa chidede, ati kubwezeretsa magazi, koma thupi kumangotha, dengu la usipa kumandikanika kusenza.

Nanga ndikanauza yani? Za kuchimbudzi sukamba pafoni ndi mwana wako wamwamuna. Ndinkangokhala pakhonde, ine ndi nkhuku zanga, dzuwa kutuluka, dzuwa kulowa. Ndinkati Ambuye, ndikafera m'nyumba muno, oyamba kudziwa adzakhala ntchentche. Ambuye, mundikumbukire.

Tsiku lina ndinagwa ndi chizungulire pamjigo, anthu nkundikweza njinga wa kuchipatala. Dokotala wake mnyamata, msinkhu wa mdzukulu wanga, ndiye atandifunsa ndinangoti mutu. Iye sanalimbane nane, anangotenga magazi pamkono. Pobwera anakhala pafupi.

"Agogo, malungo mulibe, koma magazi anu achepa kwambiri. Kumwezi munaleka kalekale. Nanga magaziwa akutulukira kuti?"

Ndinadziphimba kumaso ndi chitenje nkuulula. Anayezanso likodzo, osalipeza. Anati magaziwo sakunena kuti ndi khansa ayi, akungoloza kuti m'matumbo muli choyenera kuunikidwa. Ndipite ku Blantyre, koma ndipite ndi gadiyani wondisamala.

Gadiyani! Ndinabwerera kunyumba mtima uli zii. Anyamata akachoka ku Joni ntchito yatha, mtsikana anali ndi khanda. Ndinati basi, ulendo wafera pomwepa.

Taonani tsono Mulungu mmene amasekera! Kuseri kwa mpanda wanga kuli Abiti Juma, Msilamu, amene amasambitsa maliro a amayi kwawoko. Tinali tisakupatsana moni wabwino chidyereni mbuzi zawo chinangwa changa. Anamva kumjigo kuti ndasowa gadiyani, nkubwera osaodira.

"Anganga, mwagona pamphasa kudikira chiyani? Inu a tchalitchi mukafa sindikukhudzani ine. Dzukani ndikakusambitseni muli moyo!"

"Nanga mbuzi zanu adyetsa ndani?"

"Chinangwa chanu chilipo."

Ndinaseka, ndinaseka mpaka misozi, kuseka koyamba chaka chimenecho.

Ku Blantyre anandiunika ndi kachingwe ka kamera, nkupeza chotupa. Anati ndi khansa, koma sinafalikire. Anandichita opaleshoni, nkudula pomwe panaolapo. Masiku onse aja Abiti Juma ankagona pansi pa bedi langa, ankanditawasa, ankanditembenuza, ankatuluka ndi beseni osakwinya nkhope. Iwo swala yawo pakona, ine pemphero langa pabedi, madokotala ntchito yawo. Aleluya, aleluya, ndinatuluka ndikuyenda ndi miyendo yanga!

Kuchipatala ndimapitabe kukayezetsa, ndipo magazi akubwerera m'thupi. Zikomo Yesu wanga, zikomo dokotala wodziwa kufunsa, zikomo Abiti Juma mlongo wanga.

Iwe amene ukubisa zako kuchimbudzi, manyazi sachiza munthu. Pita akakutenge magazi, pempherera m'njira, usafooke. Ndipo akakuuza kuti ubwere ndi gadiyani iwe ulibe, usagone pansi ayi. Tuma uthenga ku Malindi, ufunse gogo woimba uja. Mphasa ndili nayo, beseni ndili nalo, njira ya ku Blantyre ndikuidziwa.