Chofunda cha Zigamba pa Siteji

Pa siteji ya basi, bambo wina wovala tayi anatambasula chofunda cha zigamba kuti onse achione.

"Ndasoka ndekha kunyumba, mayi. N'cha mwana wathu, akupita ku koleji."

Mayi amene anaima pafupi anachitembenuza, n'kuyendetsa chala m'misoko ya m'mbali.

"Nokha, bambo? Kuno msoko wawongoka bwino, koma uku ukudzandira ngati ukuchokera kumowa."

Bamboyo anatsokomola, n'kuyang'ana mkazi wake amene anakhala pabenchi.

"Chabwino, imvani nonse. Mbali zitatu zowongokazo anasoka mayi akunyumbawa."

"Nanga yodzandirayi?"

"Imeneyo ndi yanga," anatero akukonza tayi. "Ndipo mwanayo waneneratu kuti pasapezeke woimasula. Akuti ndi imene izimuuza kuti kumutu n'kuti."