Mkono wa Vincent Unathyoledwa ndi Thumba la Feteleza

Ine, Dorika Mphepo, wa zaka 41, wa m'mudzi mwa Kamzati, Mfumu Yaikulu Santhe, boma la Kasungu, mlimi wa fodya ndi chimanga, ndikunena izi:

A Tobias Mphepo, amene mwawatsekera kuno kupolisi pa mlandu wothyola mkono wa munthu, ndi amuna anga. Karate anamuphunzira poonera kanema pa Santhe, ndipo amayeserera pa mizati ya chigafa chathu cha fodya. Iwiri inagwa kale. Achimwene anga, a Alick Tsoka, ankasewera nkhonya ku esiteti. Awiriwa akhala akukangana zaka zitatu. A Tobias amati wankhonya amaiwala kuti ali ndi miyendo. A Alick amati wakarate amaima ndi mwendo umodzi ngati nkhuku yodwala.

Lachiwiri pa 18 Novembala 2008 tinafika ku depoti ya feteleza wa makuponi 6 koloko m'mawa, tili ndi makuponi awiri. Cha m'ma 11 koloko ndinagula thumba loyamba la makilogalamu 50 n'kulisenza pamutu. Kuponi yachiwiri inali m'manja mwa a Tobias, akuigwedeza posonyeza a Alick momwe dzanja la karate limadulira.

Munthu wovala jekete lofiira, amene ndamva kuti ndi Vincent, anatsomphola kuponiyo. Sanathe kuthawa msanga chifukwa anthu anali atadzaza.

A Tobias anati, "Mlekeni, ameneyu ndi wanga!" Anavula nsapato n'kuziika pambali, poti amati karate samenyedwa utavala nsapato. Kenako anagunditsa mapazi n'kuwerama, kupereka ulemu kwa wakubayo monga amachitira mu kanema. Pomwe ankaweramuka, Vincent anali atanyamula nsapatozo.

A Alick anayamba kuvula malaya osamasula mabatani, mutu n'kukodwa mkati. Ankaponya zibakera ali momwemo. Chimodzi chinapeza a Tobias pakhutu lakumanzere. Pa nkhonya ndi karate, chimene chinakhudza munthu tsiku limenelo ndi chibakera chimenechi basi.

Vincent anathamangira kumene ndinaima ine, mamita ngati asanu kuchokera pamzere. Atafika pafupi ndinapendeketsa mutu. Thumba linamugwera paphewa, iye pansi khu, mkono uli kunsi. Ndinakhala pathumbapo mpaka apolisi anafika. Kuponi ndi nsapato ndinazitenga ndekha.

Apolisi atafunsa amene wamuvulaza, a Tobias anayang'ana a Alick, n'kukweza dzanja. Anati, "Ndine, ndi mwendo umodzi wokha." Anapita nanu kupolisi kuno osavala nsapato.

Lero ndi tsiku lachitatu. Ndawapempha kawiri kuti anene zoona, akukana. Akuti kuli bwino agone pa simenti kusiyana ndi kusekedwa ndi mlamu wawo.

Mvula yagwa dzulo. Mbande za fodya ku nazale zakwana kuwokera, ndipo maekala awiri sindingawathe ndekha. Sabata ino ikadutsa, fodya wa chaka chino tamutaya. Ndakhala nawo m'banja zaka 22, ndipo amene anavulalapo ndi karate wawo ndi chigafa chokha. Ngati pakufunika womangidwa, ndi thumba lija. Lili kunyumba, koma mudikire tithire kaye m'munda.

Ndikupempha kuti muwatulutse lero. Koma pepalali a Alick asalione.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Wopereka umboni: Dorika Mphepo ....................