Phulusa la Msodzi

Pa siteji ya basi ku Jutland, dera lina la kumayiko a azungu, Asger anafungatira kamtsuko ka phulusa la mtembo wowotchedwa wa malemu bambo ake. Mayi wina wachikulire anamuonetsa nyuzipepala.

"Taona, mwanawe! Ofufuza akuti dziko lathu ndi katswiri posamala chilengedwe."

"Bambo akanasangalala. Ndikukawamwaza m'nyanja, pomwe ankawedza."

"Pagombe lathuli? Mayo ine! Sunamve? Madziwo anafa ndi feteleza wa m'minda. Pansi ndi matope onunkha okhaokha, ngakhale nkhanu mulibe."

"Mukunama, mayi! Nanga ofufuzawo anayeza chiyani?"

"Kaya, mwina utsi wa mabasi. M'madzi salowamo, amaopa kunyowetsa nsapato."

"Komatu ndinawalonjeza kuti akagona pakati pa nsomba zawo."

"Pepa, mwanawe. Basi yako ndi iyo."

"Ipite."