Jezi Yofiira

Pa siteji ya basi, bambo wina wokoloweka wezulo m'khosi ankangoyang'anitsitsa jezi yofiira imene mayi wina anaipinda pamiyendo.

"Mayi, jeziyo si ya kusekondale?"

"Ndi ya komweko, bambo. Aitanitsa."

"Achita bwino! Ine ndine mphunzitsi wa zamasewero, ana ndimawadziwa. Ukawabwereka jezi amaiyesa chuma chamasiye. Nanga mwana wanuyo alibe miyendo, kuti azituma mayi ake?"

"Miyendo anali nayo, ankathamanga kuposa anzake onse. Anagwa m'bwalo akusewera mpira, akuti mtima. Tamuika dzana."

"Aa! Pepani, mayi. Bwanji osangoisunga?"

"Akuti mawa kuli mpikisano, majezi sakukwana. Kuchapako ndiye kunandivuta, bambo. Inkamvekabe fungo la mwana wanga."