Zilembo Ziwiri Zimene Zinabisala M'chiuno

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse amene mukuwerenga izi. Ine ndine Yotamu, ndimakhala pa Boma pa Mchinji, ndipo ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani ndi kusindikiza mawu pansalu. Ena amachitira umboni za matenda, ena za ngozi zapamsewu. Vuto langa linali manyazi, odziputira ndekha, moti nkhaniyi ndakhala nayo zaka zambiri osafuna kuitulutsa pakamwa.

Ndinaphunzira pa koleji ina ya zaluso ku Lilongwe, zipani zitangochuluka kumene m'dziko muno. Pa kujambula ndi kulemba zilembo ndinkakhoza bwino, ndipo mutu unakula. Phunziro limodzi lokha ndinkalinyoza, la nsalu, limene ankaphunzitsa Mayi Msiska. Iwo ankakonda kunena kuti nsalu si pepala, umayenera kuiona ili pathupi la munthu. Tsiku lina ndinawayankha pamaso pa kalasi yonse kuti za zitenje n'zachizimayi, ine ndinadzera ntchito yeniyeni. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana, n'kupitiriza kuphunzitsa.

Nditamaliza ndinatsegula kashopu pafupi ndi msika, satifiketi n'kuipachika poti aliyense wolowa ayambe waiona. Koleji inali ndi chizolowezi chotenga ophunzira kukayendera anzawo amene anamaliza kale. Ndiye ndinalembako kalata, yodzitama kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuti akafuna kuonetsa ana munthu amene zikumuyendera abwere nawo kwa ine. Miyezi inadutsa popanda yankho, ine n'kuiwalako.

Kwathu ndi ku Mavwere, ndipo amayi anga ali m'gulu la amayi a mpingo wa kumeneko. Tchalitchi chawo chakale chinagwa ndi mvula. Amayiwo anaumba njerwa, kutunga madzi, kusenza mchenga, mpaka chatsopano chinaima. Pokonzekera tsiku lotsegulira anagwirizana zovala zitenje zofanana, zolembedwa mawu amene ankalimbikitsana nawo pantchito yonseyo: SITIDZABWERERA M'MBUYO. Ena ankati ntchitoyo ipite ku Lilongwe, ena ankati ku Chipata. Amayi anga anaimirira n'kunena kuti, "Mwana wanga anapita kusukulu ya zimenezi. Tikavutikirenji kutali?" Gulu lonse linagulitsa mtedza, kugula nsalu ya buluu woyererako yokwana zitenje makumi anayi, n'kundipatsa m'manja.

Ndinayala chitenje patebulo ngati chikwangwani cha golosale. Ndinakonza zilembo zikuluzikulu zoti munthu awerenge ali kutsidya kwa msewu, mzere umodzi wautali kutsata utali wa nsalu. Mkazi wanga anandipempha kuti ayese kuvala chimodzi ndisanasindikize zonse. Ndinamuuza kuti asandidetsere nsalu za eni ake.

Lachitatu, kutatsala masiku anayi, ndinakwera matola kukapereka zitenjezo. Ndinapeza amayi a gulu lija akuphunzira nyimbo panja pa tchalitchi, ndipo anandilandira ndi nthungululu. Atatambasula anayamikira kwambiri, ine n'kumangogwedeza mutu ngati n'zazing'ono. Kenako anayamba kuvala. Inu amayi mukudziwa kuti chitenje mbali imodzi imalowa mkati, inzake n'kubwera pamwamba kudzapisidwa m'chiuno. Mbali yolowa mkatiyo ndi imene ndinayambirako mawu. Zilembo ziwiri zoyamba, S ndi I, zinakwiririka. Amayi ataima pamzere, pazitenje zawo pankawerengeka bwinobwino kuti TIDZABWERERA M'MBUYO.

Amayi awiri kapena atatu onenepa ndi okhawo amene SI wawo ankaonekera, moti wina anati, "Ndiye kuti kumwamba akalowako ndi a Nabanda okha ndi thupi lawoli." Anthu anafa nacho chiseko. Koma a Nambewe, amene ankatsogolera gululo, sanaseke.

"Achimwene," anatero, "Lamulungu kukubwera mipingo yonse yozungulira ndi abusa awo. Mukufuna tikavine pamaso pawo tikulengeza tokha kuti tidzabwerera m'mbuyo?"

Amayi anga, amene ndi ochepa thupi, anavula chawo, kuchipinda mosamala, n'kuchiika pamwamba pa zinzake. Sanandikalipire, sanandiyang'anenso. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Paja ankati mwana wawo ndi wophunzira." Zimenezo zinandipweteka kuposa chiseko chija, chifukwa amene ankanyozedwa tsopano sanali ine.

Ndinabwerera nazo zitenje zonse ku Boma. Mbiri inandipitirira, moti pofika Lachinayi m'mawa anyamata a kabaza ankandiitana kuti "a Tidzabwerera". Shopu sindinatsegule. Ndinadzitsekera mkati n'kumayang'ana mulu wa nsalu zimene ndaononga. Inki ya pansalu ikauma sichoka, nsalu ina panalibe, ndipo masiku anali atangotsala atatu. Ndikuvomera kuti ndinaganiza zowoloka boda n'kukakhala kaye ku Chipata mpaka anthu ataiwala. Koma amayi anga akanathawira kuti? Ndinagwada pakati pa zitini za penti, ndipo pemphero langa silinali lokoma. Ndinangoti, "Ambuye, ine manyazi ndi ondiyenera. Koma amayi anga alakwanji? Chotsani manyaziwa pa iwo."

Dzuwa lili paliwombo galimoto inaima panja, wina n'kugogoda. Nditatsegula ndinapeza Mayi Msiska ali ndi ophunzira asanu, aliyense kope m'manja.

"A Yotamu, kalata yanu ija tinailandira," anatero akumwetulira. "Tabwera kudzaona munthu amene zikumuyendera."

Abale anga, ndinasowa pobisa nkhope. Mumtima ndinati Mulungu wandiyankha ndi chikwapu: mwa aphunzitsi onse a pa koleji ija, n'kunditumizira amene ndinawachita chipongwe, tsiku ngati limeneli. Ndinayamba kufotokoza za zikwangwani zapakhoma, thupi langa likutchinga mulu uja. Koma chinyengocho ndinachilekera panjira. Ndinatenga chitenje chimodzi, kuwapatsa, n'kuwauza zonse popanda kubisa.

Anachitambasula, kuchiyang'ana, n'kundibwezera. "Valani," anatero.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Koma ankanenadi zoona. Bambo wa banja, wa satifiketi pakhoma, ndinavala chitenje pamwamba pa buluku ana asukulu akuonerera. Chinagwa kawiri, mpaka mtsikana wina mwa ophunzirawo anandionetsa kapisidwe kake. Mayi Msiska anatenga choko n'kulemba pamene nsalu inaphimbana. Anachivala iwonso, kenako wophunzira wina wamtali, ndipo kwa aliyense choko chinkagwera pamalo osiyana. Apo m'pamene ndinamvetsa zimene ndinakana kumva zaka zonse zija, kuti pachitenje sipakhala malo amodzi amene ungawadalire.

Njira imene anapeza inali yapafupi, koma ndekha sindikanaiganiza. Anati tiphimbe zilembo zonse zikuluzikulu ndi mzere wotambalala wa buluu wakuda, ndipo pamwamba pake tisindikize mawu omwe aja ndi inki yoyera, zilembo zazing'ono, mobwerezabwereza, mizere yake yosayambira pamodzi. Potero nsalu iphimbane paliponse, mawu athunthu adzaonekabe. Inki yoyera yotere ndinalibe, choncho anatuma wophunzira mmodzi pa minibasi kukatenga ku koleji. Iwo anali ndi ena oti akawayendere, koma anasintha ulendo wonse n'kupeza malo ogona pa Boma pompano.

Lachisanu ndi Loweruka tinagwira ntchito osapuma. Ophunzira ankadula zilembo ndi kukoka inki, nsalu n'kumayanikidwa pazingwe mpaka kuseri kwa shopu ya mnzanga. Mkazi wanga ankasita kuti inki igwire, ndipo chilichonse chikauma ankayamba wachivala, ine n'kumuzungulira ndikuwerenga. Sanandikumbutse zimene ndinamuyankha, koma kamwetulidwe kake kanali kokwanira. Asananyamuke, ndinapepesa kwa Mayi Msiska pamaso pa ophunzira awo, popeza chipongwe chija ndinachichitanso pagulu. Iwo anangoti, "Ana awa aphunzira zambiri pano kuposa zikanakhala kuti zonse zikukuyenderani."

Lamulungu m'mawa ndinafika ku Mavwere alendo asanayambe kubwera. A Nambewe anayesa okha choyamba, kuchivula, kuchivala mbali inayo, kenako n'kuuza amayi kuti aliyense atenge chake. Ine ndinakaima patali, pafupi ndi njinga za anthu, chifukwa mtima unali usanakhazikike. Mapemphero atatsala pang'ono kuyamba, amayi anga anatuluka pamzere n'kubwera pamene ndinali. Kuyambira Lachitatu lija anali asanandilankhule.

Anaima patsogolo panga, natembenuka pang'onopang'ono. "Werenga," anatero.

Ndinawerenga chapansipansi.

"Mokweza. Anzanga akumve."

Ndinawerenga mokweza: "Sitidzabwerera m'mbuyo." Anandigwira dzanja n'kulowa nane m'tchalitchi anthu onse akuona, ndipo ndinalira ngati mwana.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wodzikuza, n'kunditumizira thandizo kudzera mwa amene ndinkawanyoza. Ndikuthokoza Mayi Msiska, ophunzira aja, ndi mkazi wanga. Inu amene lero mwadzitsekera chifukwa cha cholakwa chanu chomwe, ndipo chikuvutitsa ena osalakwa, musathawe ndipo musaleke kupemphera. Wina akagogoda tsegulani, ngakhale atakhala munthu amene mukuchita naye manyazi, ndipo mumuuze zoona. Ine ndinatsegula, ndipo amayi anga anakavina Lamulungu lija mutu uli m'mwamba. Ambuye akudalitseni nonse.