Kobiri la Atsamunda ndi Mbuzi Ziwiri

Pa siteji ya Mitundu, bambo wina ankaonetsa kobiri loboola pakati kwa mayi amene sankadziwana naye.

"Ili ndi la nthawi ya atsamunda, mayi. Bwana wina wa pa intaneti akulifuna, akuti andipatsa njinga yamoto."

"Munalipeza kuti?"

"Bwanayo ndiye anandilozera wogulitsa. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri za akazi anga, iwo sakudziwa."

"Bwanawo osakagula okha bwanji?"

"Ndi otanganidwa."

"Nanga utoto ukundikanirira m'zalawu?"

"Musalipukute, mayi, mufufuta ukalamba wake!"

"Taaimbirani bwanawo."

"Foni yawo yazima chiyambire dzulo. Ya wogulitsanso chimodzimodzi. Mwina amakhala dera limodzi, paja magetsi amavuta m'tauni."

"Dera limodzi? Bambo inu, mafoniwo ali m'thumba limodzi."